Zimene ndinaonetsa Tiyanjane tisanaike mayi ake

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kuja tingati kudzuka, poti pa mphasa ya m'siwa munthu amangotsinzina. Amayi a mpingo anali atatopa nazo nyimbo, ena akuwodzera chotsamira khoma. Bokosi linali lisanafike kuchokera pa Lirangwe. Mwana wanga Esinati anali kuchipinda, atamufunditsa nsalu mpaka kumutu.

Ine sindikhulupirira munthu, ndipo pamaliro ndiye maso ndimatsegula zenizeni. Ndinatuluka kukaona kuseri kumene kunali moto. Mayi wina amene sanapondeko pakhomo pano Esinati akudwala ndiye anali patsogolo kugawa mchere ndi mafuta. Ndinamuyang'ana osaphethira mpaka anabweza kathumba kamene anapisa m'chitenje.

Koma amene ndinkamulonda kwenikweni ndi mdzukulu wanga Tiyanjane, mwana woyamba wa malemuyo, wokwatiwa ku Chileka. Masiku atatu amene anakhala pano ndinaona kuti khanda lake amaliyamwitsa bere la kumanja lokha. Dzulo lake ndinali nditamufunsa. Anati, "Palibe kanthu anganga, mwana anangogeyerapo."

Mawu amenewo ndi amene anatitayitsa Esinati. Chotupa chake chinayamba akuyamwitsa chitsiriza wake, kanthu kolimba ngati nzama, kosapweteka. Amayi a m'mudzi anati mwana wageyera bere, ulithowe ndi madzi otentha. Amene ankaphitsa madziwo ndi ine ndemwe. Kanthu kaja katakula tinati ndi anthu oipa, ndipo ine pa zimenezo sindichedwa, dzina la womuganizira ndinali nalo kale. Miyezi inatha tikutemera mphini. Pomwe tinkafika ku chipatala chachikulu m'tauni, adokotala anati ndi khansa ya m'mawere ndipo yafalikira kale. Anati tikanabwera kakadali kanjere, bwenzi pali chochita. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Kutacha kunatentha msanga, dzuwa la Okutobala lija losasiya mthunzi. Anyamata anaika masamba pamsewu. Anthu anayamba kufika, ena pa minibasi, ena pa kabaza, a ku Kuntaja wapansi. Anabweranso ena atavala nsalu za chipani, n'kukhala pamalo poonekera. Ndege yochokera ku Chileka inadutsa cham'munsi, ana n'kuiloza mokondwa, kenako anakumbukira kuti ali pa zovuta.

Bokosi litafika inakwana nthawi yosambitsa. Mwambo wathu kuno osambitsa ndi amayi akuluakulu a mbali ina. Mwana wa malemu salowa, ine mayi wake sindinkayeneranso kulowa, ndipo zimene zaoneka m'menemo sizituluka panja. Ndinamugwira Tiyanjane pamkono n'kulowa naye.

Mmodzi wa osambitsawo anatsekereza chitseko ndi dzanja. "Mayi, zimenezi ndiye n'zachilendo."

"Chachilendo ndi mayi kuika mwana wake. Tapatukani."

Anapatuka. Ndinavundukula nsalu pachifuwa. Ndinamuonetsa mdzukulu wanga khungu la bere lokhala ndi timaenje ngati khoko la lalanje, nsonga yake italowa m'kati, ndi chotupa china m'khwapa. Ndinamuuza kuti zimenezi sizinabwere tsiku limodzi. Kanayamba kanjere, kenako bere linasintha kakhalidwe, kenako timagazi kunsonga todetsa bulauzi, ndipo chilichonse mwa izi chinali kutiuza kuti thamangani, ife n'kumaphitsa madzi. Tiyanjane sanalire. Anangoyang'ana, dzanja lake lili pachifuwa chake. Ndinabweza nsalu n'kuwasiya amayi aja agwire ntchito yawo.

Tinanyamuka dzuwa lili paliwombo. Amuna anasinthana bokosi pamapewa, amayi a mpingo atavala zoyera ali patsogolo ndi nkhata, fumbi likulowa m'kamwa mwa oimba. Njira ya kumanda imadutsa m'munda wa Esinati. Mizere anali atalima theka, ina yonse udzu.

Kumanda achimwene anga, amene ndi mwini mbumba, anaimirira kufotokoza za matenda. Ndinkadziwa kuti akufuna kunena zija amanena aliyense, zoti wadwala nthawi yaitali. M'mawa ndinali nditawauza kuti akapanda kutchula dzina la matendawo, ndiimirira ndine pamaso pa mafumu ndi abusa. Anandiyang'ana kamodzi, anatsokomola, n'kunena motsitsa mawu kuti ndi khansa ya m'mawere, ndipo tinachedwa nayo kuchipatala. Amuna anaweramitsa mitu. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona kuti, "Ati khansa, ife tikudziwa amene wachita." Mawuwo ndinawazindikira, koma sindinatembenuke. Ndinali kuyang'ana amayi ena awiri amene anayang'anana mwachilendo.

Anaponya dothi, anaika nkhata, tinabwerera. Anthu anadya n'kuyamba kubalalika, a nsalu za chipani aja poyamba.

Dzuwa litapendeka pakhomo panatsala abale okha. M'nyumba munali zii, fungo la sopo wosambitsira likadalimo. Tiyanjane analowa, anagoneka mwana pamphasa, anatenga dzanja langa n'kulilowetsa m'bulauzi mwake kumanzere. Kanalipo, kolimba, pansi pa zala zanga.

"Kayamba liti?"

"Mwezi wachiwiri uno."

"Kamapweteka?"

"Ayi anganga. N'chifukwa chake ndimati si kanthu."

Ndinamuuza zimene anandiuza namwino wina kuja m'tauni, kuti si chotupa chilichonse chili khansa, koma wodziwa ndi woyeza yekha, osati ine, osati apongozi ake. Ndinati mawa minibasi yoyamba tikwera tonse, tikayambire pa chipatala chathu chaching'ono, akatitumiza m'tauni tipitirira komweko.

Achimwene atamva anaima pakhomo. "Chemwali, mawa ndi kusesa. Palibe wochoka pano tisanametane."

"Musese nokha. Tsitsi langa silithawa, mudzandimeta ndikabwera."

Mwamuna wa Tiyanjane nayenso anayamba zoti pali abusa ena ku Chileka amapempherera zotupa, amutenga madzulo omwe ano. Ndinati abusawo akatipeza pa mzere wa kuchipatala, akapempherere pomwepo.

Tsopano kunja kwada, mbale zatsukidwa, phulusa lazizira pa mafuwa. Tiyanjane wagona ndi mwana wake kuchipinda kwa mayi ake. Mphasa yanga ndayala chopingasa pakhomo penipeni. Wofuna kutuluka naye ayambe wandiponda ine.