Sileti ya Asiyatu

Maganizo opita ku Joni anandibwerera tsiku limene ndinadinda chala pa pepala la msonkho, kalaliki n'kundiseka. Anati, "Chala chanu n'chachikulu, bambo, chadya malo a anthu awiri." Anthu pamzere anaseka nawo. Ine ndinangoonetsa mano, koma mumtima munali moto. Nditafika kwathu ku Rivirivi ndinauza mkazi wanga, Abiti Saidi, kuti mwana wathu Asiyatu sadzadinda chala ngati ine, ngakhale ndikakumbe pansi pa dziko. Nthawi imeneyo Asiyatu anali kamwana kowonda ka zaka zisanu.

Za mumgodi sindinena zambiri, amene anapitako akudziwa. Chimene chinkandipweteka kuposa fosholo chinali makalata. Ankandilembera ndi Che Jafali, munthu wa ku Kasupe, ine n'kumawagulira fodya. Nanga ungauze bwanji mwamuna mnzako kuti alembe zoti wasowa mkazi wako? Kumudzinso kalatayo ankakaiwerengetsa kwa mwini golosale wa pa Phalula. Choncho makalata anga onse ankangofunsa za chimanga ndi mbuzi, pomwe ine ndinali wosungulumwa kwabasi.

Malipiro oyamba anzanga anagula zipewa ndi majekete. Ine ndinagula sileti, mapensulo ake ndi kabuku ka zilembo, n'kupatsira munthu amene ankabwerera kumudzi. Che Jafali anamaliza kalata yanga yoperekeza katunduyo monga ankamalizira makalata a aliyense: katundu ndatumizayo musunge bwino.

Kenako kunabwera uthenga woti Asiyatu amubweza kusukulu. Masiku amenewo mwana ankadutsitsa mkono pamwamba pa mutu kuti agwire khutu la mbali inayo, akalephera ndiye kuti sanakule. Wanga analephera, chaka chotsatira analepheranso. Ndinadandaula, koma ndinkadzitonthoza kuti bola sileti ali nayo pakhomo.

Patatha zaka ziwiri ndinatsika sitima pa Balaka ndi sutikesi komanso njinga yatsopano. Anthu odzandilonjera atabalalika, ndinafunsa za sileti. Abiti Saidi anatsegula bokosi n'kutulutsa kamtolo kokulunga m'nyuzipepala ya ku Joni, mfundo yake yomwe ija ndinamanga ine ndi manja anga.

Ndine munthu wa mtima wapachala, sindibisa. Ndinakalipa mpaka nkhuku zinathawa pakhonde. Iwo anangondiyang'ana mpaka nditatopa.

"Munati tisunge bwino," anatero. "Katundu wa mwamuna amene ali paulendo samasulidwa mwini asanabwere. Ndikanamasula, zikanakhala ngati tikugawana za womwalira, inu muli pansi pa nthaka kumeneko. Iyayi, ine sindikanatha."

Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi, chifukwa ine ndinkaganiza za sileti, iwo ankaganiza za moyo wanga.

"Tabwerani kuno, bambo a Asiyatu," anatero, n'kunditengera kuseri kwa nkhokwe. Panali malo osesedwa bwino, owazidwa phulusa. Anandifotokozera kuti anapempha mwini golosale uja kuti awalozere pamene panali dzina la mwana pa malonje a m'kalata yanga. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akatha kusesa, ankakhazika Asiyatu pansi ndi kamtengo kuti azikopera. Iwo osadziwa ngakhale chilembo chimodzi, koma maso anali nawo. Ankayerekeza ndi za papepala n'kunena, "Ichi chapindika, bwereza." Kuwerengera anamuphunzitsa ndi matimati, poika milu yokagulitsa kumsewu, anayi anayi.

Asiyatu anali akundiopabe ngati mlendo. Mayi ake atamukodola, anagwada n'kulemba dzina lake paphulusa, lilime lili panja. Atatha analemba mawu ena pansi pake, amene anawatenga kuseri kwa envulopu.

"Ili ndi lanu, ababa. Ndakhoza?"

Ndinayang'ana mizere ija nthawi yaitali. Mwanayo ankakhulupirira kuti makalata onse aja ndinkalemba ndine. Bodza linali pafupi, kungogwedeza mutu basi. Koma ndinagwada pambali pake n'kumuuza zoona.

"Sindikudziwa, mwanangu. Bambo ako dzina lawo sanalionepo ndi maso n'kulizindikira."

Anandiyang'ana modabwa, kenako anayang'ana mayi ake. Ine ndinamasula mfundo ija, n'kumupatsa sileti ndi pensulo. Ndinati alembe pang'onopang'ono, ine ndizitsatira ndi kamtengo pansi. Sanachedwe kuzolowera. Pa chilembo chachiwiri chomwe ndinamva kamawu kakuti, "Ichi chapindika, bwerezani."

Ku Joni sindinabwererenso. Ndinali nditapita kutali kukafuna sukulu ya mwana wanga, pomwe inali itayamba kale kuseri kwa nkhokwe yanga, mphunzitsi wake n'kukhala mayi ake amene ndinawakalipira. Chaka chimenecho mkono wa Asiyatu unafika pakhutu, ndipo anamulemba sukulu. Nyengo ya msonkho itakwana, kalaliki anandikankhira kabokosi ka inki kuti ndidinde chala. Ndinakabweza, n'kupempha cholembera.