Filimu imene akuti inapsa

Ndikukumbukira m'mawa umene tinakwera lole yonyamula chimanga kupita ku Zomba, ndipo mpaka lero ndikaukumbukira mtima umandiwira. Ndinali mu Sitandade 7 kwathu kwa Mkhumba, matipate atangolowa kumene, sukulu yaulere itadzaza ana mpaka pansi pa mitengo ya mango. A hedi athu anakonza ulendo woti tikaone chipinda chosungiramo zinthu zakale za nkhondo ku malo a asilikali. Anzanga ankangofuna kukaona mfuti. Ine ndinachita kutumidwa.

Bambo anga sanawaonepo bambo awo. Anabadwa agogowo atapita kale ku nkhondo yachiwiri ya azungu ija, ndipo agogowo sanabwereko. Chimene bambo ankadziwa n'chakuti anali woimba lipenga. M'mudzi mwathu munali mkulu wina, a Muheya, amene anabwerako ku nkhondoko khutu limodzi litagontha, ndipo ankapitapita ku Zomba kukaona anzawo akale. Iwowa ndiwo anauza bambo kuti pakhoma la chipindacho pali chithunzi cha gulu lawo, ndipo amene wakhala pansi kutsogolo atagwira lipenga ndi bambo awo. Bambo akanapita okha, koma chaka chimenecho chifuwa chinali chitawagoneka pamphasa. Ngakhale kufika pa Boma atakwezedwa pa njinga sakanatha.

Wojambula wa dera lathu lonse anali a Namaona. Ankayenda pa njinga, kamera ili m'khosi, atavala jekete ya matumba ambirimbiri ngakhale dzuwa liswe mtengo. Titamva kuti a hedi awatenga pa ulendowo, bambo anawaitanitsa n'kuwapatsa nandolo wodzaza dengu.

"Achimwene, sindikufuna zambiri," anatero bambo. "Mwanayu akakulozerani munthu wa lipenga. Mukandijambulire ameneyo basi."

"Musade nkhawa, akuluakulu. Imeneyo ndi ntchito yochepa," anayankha a Namaona akumangirira dengu pakaliyala.

Msewu unali wafumbi. Tinaimba mpaka phiri la Michesi litabisika kumbuyo, kenako mawu anauma, tinayamba kudya chinangwa chophika ndi kalongonda amene amayi athu anatilongedzera. Pofika ku Zomba tinali titafiira ngati mbatata yongokumba kumene, ndipo msilikali wa pageti anaseka asanatifunse n'komwe kumene tachokera.

Panja pa chipindacho panali mzinga waukulu wopakidwa penti yobiriwira. A hedi atangouona anaiwala kuti abwera ndi ana. Anajambulitsa atautsamira. Anajambulitsa akuchita sawatcha. Anabwereka chipewa chachitsulo chimene chinangowakhala pamwamba pa mutu ngati chivundikiro cha poto, n'kujambulitsanso. Kenako anaitana aphunzitsi anzawo mmodzimmodzi. Ine ndinkangozungulira a Namaona n'kumawakoka jekete, iwo n'kumati, "Dikira, mtsikana, tilowa."

M'katimo munkanunkha polishi ndi nsalu zakale. M'magalasi munali mayunifomu a kaki, mamendulo, mabotolo a madzi opindika, ndi mipeni yoika kutsogolo kwa mfuti. Anyamata anathamangira mfuti. Ine ndinatsata khoma mpaka ndinachipeza. Chinali pamwamba ndithu, moti ndinachita kunyanyamphira. Pamipando panakhala azungu, ndipo mayina awo analembedwa m'munsi mwake onse bwinobwino. Anthu athu, amene anadzaza chithunzi chonsecho, analibe dzina ngakhale mmodzi. Koma lipenga ndinaliona. Analigwira mnyamata wochepa thupi, wamng'ono kuposa aphunzitsi athu onse, ndipo zinandivuta kuvomereza kuti ameneyo angakhale agogo a munthu.

Ndinalozera. A Namaona anakweza kamera, anatsinzina diso limodzi, fulashi inang'anima. "Zatheka," anatero. Msilikali amene ankationetsa zinthu m'chipindamo anali akutifulumizitsa kale, ndipo ine ndinatuluka osacheukanso. Ndikanayang'anitsitsa chifukwa chiyani, poti nkhopeyo tinali titaitenga kupita nayo kwathu?

Masiku amenewo zithunzi zinkachita kukatsukidwa ku Limbe, ndiye tinadikira. Bambo anauza amayi kuti azire khoma la pabalaza, ndipo anadzuka okha, akutsokomola, n'kukhomapo msomali. Belu la njinga likangolira kumsewu ankandituma kuti ndikaone. Atandifunsa kuti agogo ankaoneka bwanji, ndinangoti anali ochepa thupi. Iwo anati, "Zisiyeni, mayi, ndidzadzionera ndekha."

Zithunzi zinabwera. Ofesi ya a hedi inadzaza mzinga, khoma lonse, a hedi uku, a hedi uko. Chathu panalibe. Ndinawapeza a Namaona tsiku la msika pa Boma akujambula mayi wina ndi mwana wake wakhanda.

"Filimu inapsa, mtsikana," anatero osandiyang'ana.

"Inapsa bwanji poti za a hedi zatuluka zonse?"

Sindinali mwana woyankha akuluakulu, koma tsiku limenelo ndinaima pomwepo ndipo anthu anayamba kutiyang'ana. A Namaona anandikokera pambali akuseka.

"Filimu inathera pa mzinga paja. Ukanafuna ndikuuze, ulire pamaso pa asilikali? Ndinangokuwalitsira fulashi kuti mtima ukhale pansi. Komanso kujambula chithunzi cha chithunzi, n'zanzeru zimenezo?"

Apa ndi pamene pamandipsetsa mtima mpaka lero. Kutha kwa filimu ndikanakumvetsa, zinthu zimatha. Koma tsiku la ulendo lija, ku Zombako kunalinso sukulu ina, ndipo madamu awo anali ndi kamera m'manja. A Namaona akanangonena zoona, ndikanakawagwadira madamuwo. Akanakana, ndikanaima pa chithunzi chija mpaka atandikoka, n'kuloweza maso, mphuno, milomo, kuti ndikawafotokozere bambo. Bodza lawo linandilanda ngakhale zimenezo. Ankati akundichitira chifundo, koma ankangothawa manyazi awo.

Ndinakawauza bambo. Anatembenukira kukhoma.

Mlungu wotsatira a Namaona anabwera kwathu, kaya ndani anawalankhula. Anagwada pakhomo n'kunena kuti pofuna kukonza zinthu, awajambula bambo iwowo, chithunzi chachikulu, mwaulere. Amayi anali atayamba kale kufunafuna malaya oyera a bambo a kutchalitchi. Bambo anadzuka n'kukhala tsonga. Ankalankhula Chilomwe pokhapokha akakwiya kwambiri, ndipo tsiku limenelo anachilankhula mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Pomaliza anabwerera ku Chichewa kuti mlendoyo amve bwino.

"Nkhope yanga ndimaidziwa. Ndinakutumani ya bambo anga. Tengani njinga yanu."

Bambo anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanathe.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana wa Sitandade 2 amajambula ndi foni n'kuona pomwepo ngati chatuluka, ndipo palibe angamunamize kuti filimu yapsa. Anthu amajambula mbale ya tchipisi, nsapato zatsopano, ngakhale mbuzi ikudutsa pamsewu, mawa lake n'kufufuta. Ndikaona zimenezi ndimakwiya, ngakhale ndikudziwa kuti sanandilakwire.

Ndinabwererako ku Zomba nditakula, ndili ndi ana anga. Chithunzi chija chinali pomwepo, chitangofwifwa pang'ono. Ndinachijambula, n'kukulitsa nkhope ya mnyamata wa lipenga ndi zala mpaka inadzaza foni yonse. Chipumi chake, ndi mmene anatsekera milomo ngati wina wamuputa, zinali za bambo anga zenizeni. Munthu ankagona pamphasa akulirira nkhope imene anali nayo yekha, ndipo ine ndikanamuuza ndikanapatsidwa mpata woyang'ana.

Mwana wanga wamkazi anasuzumira pafonipo n'kufunsa, "Nanga agogo, bambo anu, chithunzi chawo chili kuti?" Ndinamuuza kuti palibe. Panabwera wojambula mmodzi yekha pakhomo pathu m'moyo wawo wonse, ndipo anamuthamangitsa.