Mndandanda umene anawamana a Chidendene

Pa 14 Julayi, Lachiwiri, mlembi wa komiti ya achinyamata kutchalitchi anakana kupatsa a Chidendene mndandanda wa ana omaliza sekondale. Anawasiya chiimire pakhomo la ofesi, mpando wopanda munthu uli pomwepo.

"Malamulo atsopano, agogo. Mayina a ana sitipatsa munthu wamba."

Munthu wamba! Akunena zimenezi ndi mwana amene nsapato yake yoyamba ya sukulu anaisoka ndi iwowa.

A Chidendene amasoka nsapato pakhonde la sitolo moyang'anana ndi geti la sukulu, ndipo dzinali anawapatsa ndi ana asukulu omwewo. Za ubusa sanaphunzire. Koma pa zaka 23 anaona chinthu chimodzi chimene ophunzira kwambiri sachiona. Mwana sataya chikhulupiriro chifukwa cha mabuku akuluakulu a kukoleji ayi. Amachitaya Lamlungu loyamba, akadzuka m'chipinda chachilendo, womudzutsa palibe, njira ya kutchalitchi sakuidziwa, n'kunena kuti ndipita sabata yamawa. Sabata yamawayo sifika.

Ndiye chaka chilichonse mayeso akatha, iwo ankatenga mndandanda, n'kudula makatoni a nsapato kukhala timakadi. Pakhadi ankalemba dzina la mwana, kumene akupita, ndi munthu wa kumeneko wodzagogoda pachitseko chake Lamlungu loyamba. Ogogodawo anali ana a zaka zam'mbuyo, wina namwino, wina kalaliki, wina woyendetsa basi. Lamulo linali limodzi, kupita ndi miyendo, kumudikira asambe, kukakhala naye benchi imodzi. Chaka chinzake wogogoderedwa uja ankakagogodera mnzake, nthawi zina atatenganso wogona naye chipinda chimodzi amene sanapondepo m'tchalitchi.

Komiti yatsopano inaona kuti zimenezi n'zachikale. Inachita mwambo wotsanzikana, ana anapatsidwa masatifiketi, anajambulidwa, ndipo onse anaikidwa m'gulu la pafoni.

"Dziko linasintha, agogo," anatero mlembi tsiku lija. "Vesi likumawapeza m'thumba m'mawa uliwonse."

"Foniyo imagogoda?"

"Imalira."

"Ikalira amaizimitsa. Mdzukulu wanga amatero ndikamuimbira ine, agogo ake enieni."

Mlembi anaseka, n'kutseka chitseko.

Patapita masabata awiri, mayi wina wochapa zovala kuchipatala anafika pakhonde paja wopanda nsapato yosoketsa. Anakhala pa bokosi la zida osadikira kuuzidwa.

"Bambo, mwana wanga uja munamupezera ndani?"

"Wapita kale?"

"Kalekale. Anapeza ntchito m'sitolo mumzinda, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Ine ndinangoti mtima pansi, a Chidendene alipo. Dzulo ndikumufunsa za kutchalitchi, akuti amayi, kuno sindidziwa munthu, ndimangochapa n'kugona. Mwana woti amatsogolera kwaya! Tsopano akuti abwana ake amupempha azitsegula sitolo Lamlungu, popeza sapita kulikonse."

A Chidendene anabaya chala ndi singano, osamva. Mumzinda umenewo ali ndi namwino wawo, amakhala misewu itatu kuchokera pasitoloyo. Khadi limodzi likanakwana. Anamuimbira pomwepo, namwino anapita Lamlungu, koma anapeza mtsikanayo atavomera kale, ali kuseri kwa kauntala. Mtsikanayo anamulonjera bwinobwino, n'kunena kuti mwina mwezi wamawa.

Chaka chino amaliza ana 31. A Chidendene apeza asanu ndi awiri okha, pofunsa aliyense wobwera ndi nsapato kuti kwanu kuli womaliza sukulu kodi. Ena amawayang'ana ngati asokonezeka mutu. Abwerera ku ofesi katatu. Koyamba mlembi anali pamsonkhano, kachiwiri anati nkhani ili kwa abusa, kachitatu abusa anati nkhani ili kukomiti. Kalata analemba, yankho kulibe. Masiku ano basi ikadutsa pasukulupo ndi masutikesi pamwamba, amasiya chosoka n'kuimirira, kuyesa kuzindikira nkhope pawindo, koma maso anatha.

Palibe akukana kuti mayina a ana asamalidwe. Funsani makolo, makolowo ali pompano, avomere okha. Koma ana 24 akubalalika mwezi uno. Abusa, mlembi ndi komiti yonse ayankhe Lamlungu likubwerali, makolo akumva: mupereka mndandandawo, kapena mutchula dzina la amene adzaime pachitseko cha mwana aliyense?