Kalata Yachiwiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali kuposa aliyense m'kalasi mwathu, chaka chimene aphunzitsi a Kamanga anatiwerengetsa sewero lija. Sukulu ndinayamba mochedwa. Anzanga akuphunzira zilembo, ine ndinali m'bwato kukoka khoka la chilimira ndi bambo anga, ndipo ndinalowa m'kalasi iwo atamwalira. Amene anaumirira kuti ndipite anali alamu anga NyaLongwe, mkazi wa akulu anga a Yesaya, amene ankagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Wankie. Kabudula wanga woyamba wa kaki anandisokera ndi iwowo, pa makina amene amuna awo anawatumizira.

Makinawo ndiwo analowetsa chidani pakhomo pathu. Anafika pa sitima atalembedwa dzina la NyaLongwe, osati la amayi anga. Kuyambira pamenepo makina akayamba kulira amayi ankanyamuka n'kukakhala kuseri, pamene tinkayanika chinangwa chovuwika m'madzi, ngakhale fungo lake linali loboola mphuno.

Buku la sewero linali limodzi lokha. Chikuto ndi masamba oyamba zinali zitathothoka kalekale, moti mpaka lero sindidziwa dzina lake kapena amene analemba. A Kamanga ankawerenga m'Chingerezi n'kumatimasulira m'Chitonga, akuyendayenda pakati pa mabenchi. Nkhani yake inali ya mfumu imene inapita kunkhondo kutali, n'kusiya dziko m'manja mwa mng'ono wake wokhulupirika. Nduna ina yanjiru inatumiza kalata kunkhondoko yonena kuti mng'onoyo akufuna kulanda ufumu. Mfumu inalamula kuti aphedwe, ndipo pamene inkazindikira kuti linali bodza, manda anali atamera kale udzu.

A Kamanga sankafuna kuti tingodziwa nkhaniyo. Anatituma kukatola timiyala kunyanja, n'kutiuza kuti wolemba akatchula kanthu kakang'ono kowononga, monga njenjete, dzimbiri kapena mphutsi ya m'chipatso, tiziponya kamwala m'chitini. Pofika pakati pa buku chitini chinali chitalemera.

"Sewero la mafumu ndi malupanga," anatero akuchigwedeza, "koma mwini wake akungonena za tizilombo. Chifukwa chiyani?"

Kenako anati tisafulumire, yankho lidzatipeza lokha.

Ine linandipeza Lamulungu, titachoka kutchalitchi. Alamu anali atapita kukachapa matewera a mwana wawo wakhanda, Estere. Amayi anandiitanira m'nyumba, n'kutseka chitseko dzuwa likuswa mtengo.

"Tenga pepala, Timoti, ulembere mkulu wako. A Mhone akubwerera ku Wankie Lachinayi, atenga. Lemba kuti mkazi wake akuyenda ndi mwamuna wa ku Usisya, anthu anawaona ku doko. Lembanso kuti mwanayu sakufanana ndi aliyense wa kwathu."

"Ama, aja ndi alongo awo a kwa bambo aang'ono. Anabwera kudzanena za matenda a kwawo. Ndinali pomwepo, dengu lawo ndinanyamula ndine."

"Ndakufunsa? Kusukuluko amakuphunzitsani kulemba kapena kuweruza milandu? Mawu ndi anga. Iwe ndiwe dzanja chabe."

Ndinalemba. Chimene chimandichititsa manyazi kwambiri n'chakuti ndinalemba bwino. Ndinasamala kuti inki isadonthe, ndinakongoletsa zilembo zazikulu monga anatiphunzitsira, ndipo pomaliza ndinayang'ana tsambalo n'kuona kuti dzanja langa lakhwima. Amayi anatenga kalatayo n'kupita nayo okha kwa a Mhone.

Lachiwiri a Kamanga analemba pabolodi mayina a anthu onse a m'sewero, akuluakulu pamwamba, ang'onoang'ono pansi, ndipo aliyense wa ife anapatsidwa mmodzi woti amuyankhire. Chifukwa Chingerezi changa chinali chotsimphina, ine anandipatsa wa pansi penipeni: mlembi wa kunyumba yachifumu, amene m'sewero lonse amalankhula mizere itatu.

"Agogo awapatsa yofewa, kuti mano asaguluke," anatero Wiliyamu, kamnyamata kolongolola ka pa benchi yakutsogolo, ndipo kalasi yonse inafa nako kuseka. Agogo linali dzina langa pasukulupo.

A Kamanga anatenga kansanza kofufutira. Anati njira yodziwira kulemera kwa munthu m'sewero ndi kumuchotsamo, n'kuona ngati tsoka lingachitikebe. Anafufuta mkazi wa mfumu. Tinagwirizana kuti mng'ono uja akanafabe. Anafufuta wansembe, chimodzimodzi. Kansanza kanatsika mpaka pa dzina la mlembi.

"Ameneyo fufutani msanga, sa," anatero Wiliyamu. "Alibe ntchito."

Iwo sanafufute. Anatsegula buku n'kutiwerengeranso pamene mfumu ikulandira kalata. Tinamva zimene poyamba zinatidutsa: mfumu inkaidziwa bwino njiru ya nduna ija, ndipo mawu ake okha sikanawakhulupirira. Inakhulupirira chifukwa inazindikira dzanja la mlembi, munthu amene anali asanainamizepo.

"Mlembi, imirira." Ndinaimirira, mawondo akugunda benchi. "Unkadziwa kuti ndi bodza?"

"Inde, sa."

"Nanga unalemberanji?"

Ndinangomva mawu akutuluka okha, m'Chitonga: "Mawu anali a nduna, sa. Ine ndinali dzanja chabe."

A Kamanga anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva? Zimenezo m'buku mulibe, koma ndi zimene munthuyu amadziuza kuti apeze tulo. Umu ndi mmene timawerengera munthu wa m'sewero." Kenako anakweza chitini cha timiyala chija. "Njenjete sidana ndi nsalu. Imangodya pang'ono pamene yaikidwa."

Anzanga anandiyang'ana mwaulemu kwa nthawi yoyamba. Ine m'maganizo ndinali kuona akulu anga atakhala pakhomo la komponi ya kumgodi, akutsegula envulopu. A Yesaya ankawadziwa bwino amayi, mkangano wa makina ankaudziwanso. Koma akanaona dzanja langa, la mng'ono wawo amene amadya m'mbale imodzi ndi NyaLongwe, n'kunena kuti Timoti sangalembe chinthu chimene sanachione.

Tsiku lomwelo, pa nthawi yopuma, ndinang'amba tsamba pakati pa kope langa n'kukabisala kuseri kwa tchalitchi. Ndinalemba kalata yachiwiri, yaifupi, zilembo zokhotakhota. Ndinati zonse za m'kalata yoyamba ndi zabodza, mwamuna uja ndi mlongo wawo wa alamu, ndipo Estere ali ndi makutu a bambo athu. Ndinaipinda n'kuiika m'thumba la kabudula. Masiku awiri otsatirawo ndinkangosiya chakudya m'mbale. Alamu anandigwira pamphumi n'kufunsa ngati ndi malungo.

Lachinayi ndinathawa sukulu n'kutsikira ku doko. Sitima inali itaima pakati pa madzi, maboti akututa anthu ndi katundu. Panali phokoso la amtengatenga, fungo la usipa wouma ndi mafuta a injini. A Mhone ndinawaona msanga, atavala chipewa ndi jekete ngakhale kunkatentha, sutikesi ili paphewa, madzi akuwafika m'mawondo. Panali mapazi makumi awiri okha pakati pa ine ndi iwo. Dzanja langa linali kale m'thumba.

Pamenepo ndinaona amayi. Anali ataima pamchenga pamodzi ndi akazi a Mhone, kudzaperekeza. Anandiona nawonso. Sanakalipe, sanandifunse za sukulu. Anangoyang'ana nkhope yanga, kenako thumba langa, kenako nkhope yanganso.

Ndinadziuza kuti ndidikire atembenuke. Ndinadziuza kuti boti libweranso ulendo wina. A Mhone anakwera, anakhala pa sutikesi yawo, n'kutikupizira chipewa. Sitima italiza lipenga lake, ndinali ndidakali pamalo omwewo, pepala litanyowa ndi thukuta la m'manja.

Ndikanatha kuitumiza pa positi mawa lake. Ndimadziwa zimenezo, ndipo palibe chifukwa chimene ndingapereke. Tsiku lililonse ndinkati mawa, ndipo tsiku lililonse kuvomera kuti ndinanama kunkakula kuposa dzulo lake. Kenako ndinayamba kudzitonthoza kuti mwina akulu anga angoseka n'kuing'amba.

Yankho linabwera patapita miyezi iwiri, ndipo wowerenga pakhomopo ndinali ine ndekha. Tinakhala pakhonde, amayi uku, alamu uku akuyamwitsa. A Yesaya analemba kuti mkaziyo abwerere kwawo ndi mwana wakeyo, makina asiye. Pansi anawonjezera mzere umodzi: akanakayika, koma aona kuti walemba ndi Timoti. Ndinawerenga zonse mokweza, osadumpha liwu, ngati kuti kukhulupirika kwa tsiku limenelo kukanandithandiza kanthu.

Alamu sanalire. Anachotsa mwana kubere, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu," anatero motsitsa, "si inu munanyamula dengu tsiku lija?"

Ndinayang'ana pansi. Akuluakulu atakhala pa nkhaniyo, anandifunsa ngati ndikudziwapo kanthu, ndipo ndinati ndine mwana wasukulu, za akulu sindizidziwa. NyaLongwe anakwera sitima ya kumpoto sabata yotsatira. A Yesaya sanabwerenso kumudzi. Anakwatira konko, n'kufera konko. Makina anachita dzimbiri pakona, chifukwa amayi sankadziwa kusoka.

Pa mayeso a chaka chimenecho panabwera funso lakuti tisankhe munthu mmodzi wa m'sewero n'kufotokoza mbali yake pa tsokalo. Ndinalemba za mlembi masamba atatu. A Kamanga anawerengera kalasi yonse yankho langa, n'kunena kuti pa zaka zawo zonse za uphunzitsi sanaonepo mwana womvetsa sewero chotere.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la nkhaniyi ndi lakuti munthu wamng'ono nayenso amapha. Koma zimenezo ndinazidziwa Lachiwiri lija, sitima isananyamuke. Chimene ndamvetsa mu ukalamba uno n'chowawa kuposa pamenepo: kumvetsa n'kotsika mtengo. Munthu ukhoza kuona cholakwa chako bwinobwino, kuchifotokoza mpaka kukhoza nacho mayeso, koma osayenda mapazi makumi awiri. Ndipo chisoni chimene wakhala nacho zaka zambiri chimayamba kukunamiza kuti walipira kale.

NyaLongwe anamwalira ndisanawapepese. Estere ali moyo, ndi gogo tsopano, amakhala kwa mwana wake ku Mzuzu. Anakula akumva kuti bambo ake sadziwika, ndipo munthu amene watsala wodziwa zoona ndine ndekha. Kawiri konse chaka chino ndakwera minibasi pa boma, n'kutsikira panjira ndisanafike, ndikunamizira miyendo. Loweruka likubwerali ndikweranso. Ndauza mdzukulu wanga kuti akhale kumbali ya chitseko, ndipo ndikanena kuti ndikufuna kutsika, asandimvere.