Khobidi la ku Zomba

Mwaswera bwanji nonse? Tangofika kumene ku Migowi kuchokera ku Zomba, koma mtima wanga suli m'malo.

Ndinamutenga mwana wanga Tadala kuti akaone phiri. Ndalama inali yochepa, ndiye m'malo molipira wotiperekeza tinangolowa kanjira kachidule. Patsinde pa mtengo wina panali kambale kadothi, mkati mwake muli khobidi loboola pakati, ngati aja a m'ma 1950. Ndisaname, ndinalitola. Tizosema togulitsa kwa azungu tinali todula, ndiye ndinalimanga ku ulusi n'kumuveka mwana m'khosi.

Mu minibasi Tadala anayamba kuyankhula Chilomwe. Paja ali ndi zaka zitatu zokha, ndipo ine mayi wake sindichitha n'komwe. Amayi ena amene tinakhala nawo mpando umodzi anasendera kutali.

"Mwanayu mwachokera naye kuti?"

"Akuti chiyani, mayi?"

"Akuti mbale yake mwaisiya yopanda kanthu."

Panopa akusewera bwinobwino pakhonde, koma ndikamuitana dzina sakucheuka. Khobidilo ndamuvula, lili pawindo.

Amalume, ndikalibweze mawa kapena ndiyambe ndaonana ndi abusa? Bambo ake sindinawauzebe.