Chotupa Chimene Chinandipumitsa Kusenza Fodya

Chaka chimene ndinasiya sukulu ndinkadana ndi chilichonse, makamaka fodya. Ndiye chotupa chitatuluka pamwamba pa fupa la pakati pa khosi ndi phewa, ndinakondwera. Sichinkapweteka. Amayi anachigwira ndi zala zawo zakuda ndi utomoni wa fodya, nati, "Iwe, mawa upite kuchipatala ku Santhe."

Ndinapitadi ku Santhe, koma ndinathera pa bawo. Ndinkaopa jakisoni, mnyamata wandevu. Pobwera ndinati, "Adokotala akuti n'chifukwa chosenza. Ndisanyamulenso kanthu."

Kuyambira tsiku limenelo mitolo yanga ankasenza ndi amayi, kuchoka kumunda mpaka kuchigafa. Ine ndinkakhala pamthunzi n'kumasoka masamba, iwo akudutsa akuimba nyimbo za kumvano, thukuta lili kamukamu. Pena ndinkabuula dala kuti amve.

Chotupa chinakula, ndipo ndinayamba kuonda. Apo amayi anandiperekeza okha kuchipatala. Adokotala anati zotupa za pamenepa zimabwera ndi matenda wamba, TB, nthawi zina khansa, ndipo sungadziwe osayezetsa. Anachibaya n'kutengako madzi. Tsiku lotenga zotsatira anati ndi TB ya mwanabele, mapiritsi theka la chaka.

Amayi anafunsa, "Nanga kusenza, adokotala?"

"Kusenza kwatani? Sikukukhudzana."

Amayi sanandiyang'ane n'komwe. Panjira anandigulira nzimbe, nati, "Idya, bwana, upeze mphamvu. Mitolo yako ndakusungira."

Chotupacho chinatha. Fodya ndimadana naye mpaka pano, koma ndikadutsa pa chigafa cha eni ndimachepetsa liwiro la njinga, kuti mwina ndimve wina akuimba ngati mmene ankaimbira amayi.