Mlatho wofolera wa kumapeto kwa paki

Chaka changa chachiwiri ku Romford, kudziko la azungu, ndinkagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba. Lachitatu lililonse masana ndinkatenga mayi ena achizungu, okalamba ndithu, kukawongola miyendo kupaki. Mutu wawo unali utayamba kutaya zinthu, koma miyendo inali yamphamvu kuposa yanga.

Kumapeto kwa pakiyo kunali mlatho wakalekale wamatabwa, wofolera ngati nyumba. Mayiwo ankati agogo awo aamuna anali m'gulu la akalipentala amene anaukhoma, ndipo denga analiika kuti mvula isawoletse mitanda. Anthu a m'deralo anakana zoti ugwetsedwe n'kuikapo wachitsulo. Chaka chimenecho ankaukonza. Ankazula thabwa limodzilimodzi, kulilemba nambala, kulipala, kuti lidzabwerere pamalo pake penipeni. Ine ndinkangoti anthuwa nthawi ali nayo. Polowera anamangapo chingwe chofiira.

Tsikulo mvula inali itagwa sabata yonse, mtsinje utadzaza, akalipentala kulibe. Titafika pachingwe paja mayi aja anati, "Ndisiye dzanja, sindine mwana."

Ndinawasiya. Kwathu wamkulu akanena sutsutsa, ndipo ine anandilera bwino mpaka kupusa. Ndisanaphethire n'komwe, anali atawerama kunsi kwa chingwe, ulendo m'kati.

M'katimo munali kamdima, ndipo pakatikati matabwa asanu anali atazulidwa. Pamphakopo ndinkaona madzi amatope akuthamanga. Ndinakuwa kuti, "Amayi, imani!" m'Chichewa, ngati kuti amva. Ndinachita mantha. Kusambira sindidziwa mpaka lero, ndipo mupakimo munalibe munthu woti n'kumuitana.

Ndinavula nsapato. Ndinayamba kuponda pamzere wa misomali, poti pamene pali msomali kunsi kwake kuli mtanda. Milatho ya kumudzi tinkawoloka choncho. Thabwa lililonse linkalira. Mayi aja anali ataima pamphepete penipeni pa mphako ija, akusisita mzati, akulankhula ndi munthu amene ine sindinkamuona. Kenako ananyamula phazi.

Sindinapemphe. Ndinawagwira mkono ndi mphamvu zanga zonse n'kuwakokera m'mbuyo. Anakuwa, anandimenya ndi chikwama kumaso, ananditukwana. Sindinawataye mpaka pageti la nyumba ya okalamba ija, masokosi ali matope okhaokha, nsapato zitatsala komweko.

Madzulo powasambitsa ndinapeza zala zanga zinayi zitadindika pamkono pawo, zakuda bii. Za mlatho anali ataiwala kale. Anayang'ana mkonowo, kenako ine, misozi ili lengelenge.

"Mwanawe, ndani wandipweteka chonchi?"

"Ndine, amayi."

Anabisa mkonowo kumsana. Miyezi isanu ndi iwiri imene anakhala ndi moyo kuchokera tsikulo, ndikangolowa m'chipinda chawo ankanjenjemera, osadziwa chimene akundiopera.